Khoma Limene Agogo a Zuze Anagwetsa

Loweruka lapitali bambo anga anamaliza kumanga chiliza cha agogo a Zuze. Patha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera, anadya, anaimba, ndipo mkulu wa mpingo ananena kuti malemuwa anali munthu wofatsa. Ine ndinaweramitsa mutu kuti anthu asandione nkhope. Agogo sanali ofatsa. Akanamva mawu amenewo akanafunsa kuti kodi akunenedwayo ndani, poti iwo sakumudziwa. Ndiye ndati ndilembe mmene analili, ndisanayambe nanenso kukhulupirira za kufatsazo.

Anali mmisiri womanga nyumba. Kwathu kuno kwa Ndamera, mpaka ku boma ku Nsanje, ziliko nyumba zimene anthu amalozabe kuti iyi ndi ya a Zuze, potchula woimanga osati mwini wake. Anali aatali, ouma thupi, ndipo zala zawo zinali zokhakhala ngati njerwa. M'thumba la malaya awo simunkasowa fodya wopichira papepala ndi chingwe chomangira chokulunga pakamtengo. Chingwecho ankapita nacho ngakhale kutchalitchi. Amayi amanena kuti tsiku lina ulaliki uli mkati anawaona atatsinzina diso lamanzere, akuyang'ana felemu la zenera ndi lamanja, akupukusa mutu.

Ankakonda kunena kuti munthu amanama, levulo yoyezera khoma nayo ikagwa pansi imayamba kunama, koma chingwe chokoka bwino sichinama, ndipo diso lawo linabadwa mimba imodzi ndi chingwe. Ankadana ndi ntchito yaphuma. Ankadana ndi wosakaniza matope amene amaimba pogwira ntchito, ati mutu sungasunge nyimbo ndi muyeso nthawi imodzi. Anakanganapo ndi komiti yonse ya mpingo chifukwa cha mchenga umene iwo ankati uli ndi dothi, ndipo anasiya kupita kumisonkhano mpaka mchengawo unabwezedwa. Tiyi ankamwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ati kutentha kumachotsedwa ndi kutentha kunzake.

Ine ankanditchula kuti amayi, chifukwa ndinapatsidwa dzina la amayi awo, Tereza. Ndine ndekha pakhomo amene sankandikalipira, mwina chifukwa sindilankhulalankhula. Ndikamachokera kusukulu ankandisungira masawu ouma m'chipewa, n'kunditsanulira m'manja.

Kuyamikira sankakudziwa. Ntchito ikawasangalatsa kwambiri ankangonena mawu amodzi a Chisena, pyadidi, kutanthauza kuti zili bwino, ndipo ankawanenera pansipansi ngati akuwabisa. Bambo anga, a Andireya, anayamba kuwanyamulira njerwa ali mnyamata wamng'ono, anaphunzira ntchito yonse m'manja mwawo, koma mawu amenewo sanawamvepo akunenedwa kwa iwo. Zimenezi bambo sanandiuze okha. Anandiuza ndi amayi.

M'zaka zawo zomaliza anthu ankawadziwa ndi zina. Ankakhala pampando wachikopa pansi pa mtengo wa nimu pabwalo pathu. Munthu akaima patsogolo pawo n'kupereka moni, iwo ankapotoza khosi n'kumuyang'ana cham'mbali ngati nkhuku, kenako n'kufunsa kuti ndinu yani. Ankafunsa choncho ngakhale anthu amene anakula nawo limodzi. Koma mbuzi ikadzera kumbali kulunjika pamphasa ya mapira, ankaiona n'kuigenda. Ankayenda okha popanda ndodo mpaka kumsika. Ndiye anthu anayamba kufunsana kuti ndi wakhungu wanji woona mbuzi koma osaona anthu. Ena anati ndi matama a umisiri. Ena anati akufuna alembedwe pa chithandizo. Mnzawo wakalekale, a Thomu, amene ankasewera nawo bawo, anasiya kubwera atafunsidwa kachiwiri kuti ndinu yani. Anauza anthu kuti Zuze wayamba kusankha anthu odziwa. Pachiliza paja a Thomu analipo, ndipo anadya bwino.

Koma zonsezi zinayamba ndi khoma.

Chaka chimene madzi a Shire anatichotsa kuchigwa n'kutisamutsira kumtunda kuno, nyumba yathu inagwa, ngakhale inali yomanga agogo okha. Tinakhala m'tenti, kenako m'chisakasa cha udzu. Bambo anaumba njerwa, anaziotcha, anapita kukadula nzimbe ku Nchalo kuti apeze simenti. Anayeza nyumba ya zipinda zitatu, ndipo chakumapeto chinali choti mudzagone agogo, pakuti agogo aakazi anali atamwalira kale. Maondo a agogo anali atayamba kuvuta, choncho bambo anawauza kuti apume, nyumbayi amanga okha. Kanali koyamba kuti amange popanda bambo awo kuwaimirira kumbuyo.

Zipinda ziwiri zinatha, zinafoleredwa, tinalowamo. Agogo ankangoyang'ana ali pampando, osanena chabwino kapena choipa. Chipinda chachitatu chinafika msinkhu wa zenera. M'mawa wina bambo atapita ndi ngolo kukatenga mchenga, ine ndikusesa pabwalo, agogo anadzuka n'kukaima pangodya ya chipindacho. Anatsinzina diso lamanzere monga mwa chizolowezi chawo. Anasuntha, anayang'ananso. Ndinawamva akunena okha kuti khomali likuyenda ngati njoka. Chingwe chinali m'thumba mwawo. Sanachitulutse. Anatola mtengo umene bambo ankagwiritsa ntchito popanga nsanja, n'kuyamba kukankha mizere ya pamwamba, imene simenti yake inali ya dzulo lake. Njerwa zinagwera mkati, zina n'kusweka. Amayi anathamanga kuchokera kukhitchini, koma mpongozi sagwira dzanja la apongozi ake. Anangoima atagwira pakamwa.

Bambo atafika anaimitsa ng'ombe, anayang'ana njerwazo nthawi yaitali.

"Ababa, mwatani?"

"Ndakuchotsera manyazi. Ukufuna anthu azidutsa apa n'kumati ichi anamanga mwana wa Zuze?"

Bambo anatenga chingwe chawo, anakhoma msomali pangodya, anakoka chingwecho pamizere imene inatsala. Anthu oyandikana nafe anali atabwera kale chifukwa cha phokoso. Chingwe chinagona pakhoma bwinobwino, kuyambira kuno mpaka uko. Agogo anatsinzina diso lamanzere n'kunena kuti ngakhale chingwecho chakhota, Andireya sadziwa kukoka chingwe. Anthu anaseka. Wina anati mdala wayamba kulawa kachasu m'mawa, chonsecho agogo mowa sankamwa.

Bambo anakulunga chingwe chawo pang'onopang'ono. "Chiyambire ndili mwana simunaonepo chowongoka m'manja mwanga," anatero. "Chipinda ndi chanu. Mangani nokha."

Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso. Chakudya cha agogo ankapereka ndi amayi. Uthenga unkadzera mwa ine, anthu atakhala pabwalo limodzi. Agogo anabwerera kukagona m'chisakasa. Patapita masiku anakanda matope okha n'kuyamba kubwezera mizere imene anagwetsa. Poika njerwa iliyonse ankaikankhira pang'ono kuti awongole kukhota kumene ankakuona. Anthu odutsa ankaima kuonerera. Anamanga mizere yowerengeka, kenako anasiya, anatsuka mpeni wawo womangira, ndipo sanaugwirenso.

Azakhali a Marita, mlongo wawo wa bambo, ndiwo anayamba kunena kuti vuto ndi maso. Anati imeneyi ndi ng'ala. Apongozi awo anali nayo, ndipo madokotala a maso atabwera ku boma anawachotsa, anabwerako akulowetsa ulusi pasingano. Koma anati ng'ala ili ndi lamulo lake limene aliyense amalidziwa: umaidikira ikhwime, diso liyere, apo ayi amakubweza. Tonse tinavomereza, chifukwa ndi zimene tinkamva chikhalire. Azakhali akabwera ankawatembenuzira agogo kudzuwa, n'kuwatsegula chikope ndi chala ngati akuona papaya ngati lapsa. Diso linali lakuda bii. Ankati silinafike, tidikire. Dzinja linadutsa, linanso linadutsa. Agogo anayamba kunena kuti pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana pakhala chiutsi. Kenako diso lamanzere nalo linayamba kupinda zinthu. Ife tinkadikirabe.

Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kwambiri. Sitinawataye agogo. Tinkawayang'ana m'maso mwezi ndi mwezi, mosamala ndithu, nthawi yowathandiza ikutha.

Madokotala a maso atabweranso ku boma, ine ndinawaperekeza agogo pa kabaza. Anavala jekete lawo la kutchalitchi. Panjira anauza wopalasa njingayo kuti akabwerako akaonetsa anthu onse pamene khoma lija linakhota. Pamzere panali okalamba ambiri a maso oyera. Ifeyo titalowa, dokotala anawalitsa katochi, anawathira mankhwala, anawalitsanso, n'kunena kuti ng'ala palibe. Anati vuto lili kumbuyo kwa diso, tipite ku chipatala cha maso cha mumzinda, ndipo tisachedwe. Anzathu a pamzere anatsala kudikira opaleshoni. Ife tinabwerera tsiku lomwelo. Agogo anavula jekete n'kulipinda pamiyendo.

Bambo atamva, anagulitsa mbuzi. Sananene kuti ndi ya chiyani. Anangouza amayi kuti Marita ndi Tereza akwere minibasi ya m'mawa ndi agogo.

Dokotala wa mumzinda anali mayi wachitsikana. Anajambula kumbuyo kwa maso a agogo ndi makina, kenako anawafunsa ntchito imene ankagwira. Atamva kuti anali omanga, anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Zimene anafotokoza ndinazimvetsera bwino, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikafunsidwa kunyumba.

Anati kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala. Pakati pa kansaluko pali kamalo kakang'ono, ndipo ndi kameneko kamene kamaona nkhope, zilembo ndi mizere. Kwina konseko kumaona za m'mbali. Ndiye m'thupi mwa munthu aliyense muli chinthu chimene ntchito yake ndi kuitana timitsempha tatsopano ta magazi kuti timere pamene pavulala kapena pamene magazi akuchepa. Anachitchula ndi zilembo zinayi, VEGF, ndipo ndinazilemba padzanja. Anati chinthu chimenechi si choipa: ndi chimene chimathandiza bala kupola ndi mwana kukula m'mimba. Koma munthu akakalamba, makamaka wosuta fodya, kamalo ka pakati kaja kamatopa, ndipo mwa anthu ena kamayamba kutulutsa chinthucho mopitirira. Timitsempha timayankha kuitanako. Timamera pansi pa kansalu, pamalo posayenera, ngati mizu ya mtengo yolowa pansi pa simenti ya m'nyumba. Timitsempha timeneti ndi tosalimba, timadontha madzi ndi magazi, pansi paja n'kutukumuka. Mzere wowongoka ukagwera pamalo potukumuka, munthu amauona wokhota. Pakapita nthawi pamauma chipsera, ndipo pakati pa maso pamada, m'mbali mukuonabe.

Agogo anamvetsera atapendeketsa mutu. Anati ndiye kuti m'maso mwawo mwalowa amisiri aphuma, omanga popanda wowatuma. Dokotala anaseka n'kuvomera. Anati alipo mankhwala obaya m'diso momwemo amene amagwira chinthu choitanacho kuti chikhale chete, ndipo timitsempha timasiya kudontha. Koma jakisoniyo sachotsa chipsera, komanso mphamvu yake imatha, amafunika kubwereza mwezi ndi mwezi. Kenako anafunsa kuti mizere inayamba liti kukhota. Azakhali ndiwo anati papita zaka, tinkadikira kuti ikhwime.

Dokotala anaika cholembera pansi. "Mayi, nthenda iyi sidikiridwa," anatero mofatsa. Anati sakutiimba mlandu, chifukwa kuno siichuluka ngati ng'ala, ndipo anthu ambiri sanaimvepo. Diso lamanja anati latha, ndi chipsera chokhachokha. Lamanzere muli kotsala koti n'kupulumutsa.

Kenako agogo anafunsa, "Ndiye mukuti khoma lija linali lowongoka?"

Dokotala anatiyang'ana ife, posadziwa khoma lake. Azakhali anayang'ana pansi.

Anawabaya tsiku lomwelo. Sanabuule. Patapita masabata angapo chiutsi cha diso lamanzere chinapepuka. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi anandigwira mkono, anandiyang'ana molunjika koyamba m'nthawi yaitali, n'kunena kuti amayi mwakula, ndipo mwatenga mphuno ya Andireya. Ulendo wachiwiri bambo anagulitsanso mbuzi. Wachitatu mvula inadula msewu. Msewu utatseguka, tinalibenso mbuzi yogulitsa koma yaikazi imodzi ndi tiana take, ndipo agogo anakana kuti igulitsidwe. Chiutsi chinabwerera n'kukhazikika.

Zonse zimene dokotala ananena ndinawafotokozera bambo, iwo akukhoma mpini wa khasu. Ndinafotokoza za timitsempha, za simenti yotukumuka, za mzere wokhota. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti amva. Anapitiriza kukhoma.

Masana ena bambo kulibe, agogo anandiitana kuti ndiwaperekeze kuchipinda chosatha chija. Anatulutsa chingwe m'thumba. Anandigwiritsa nsonga ina pangodya, iwo anakoka inayo mpaka chingwe chinalira. Kenako anayenda pang'onopang'ono, chala chili pakati pa chingwe ndi njerwa. Pamizere ya bambo chala sichinapeze polowa. Anakweza chingwe kufika pamizere yawo ija. Chala chinalowa chonse, kutsogolo njerwa inakankha chingwe, kutsogolonso chala chinalowa. Anaseka kuseka kumene sindifuna kukumvanso. Anati tizungulire nyumba yonse. Tinayeza khoma lililonse la zipinda ziwiri zija, dzuwa likutiotcha, iwo thukuta lili kamukamu. Titamaliza anaika chikhatho pakhoma ngati mmene munthu amagwirira ng'ombe yake.

"Pyadidi," anatero. Anakulunga chingwe. "Amayi, mukamuuze Andireya."

Ndinawauza bambo madzulo omwewo asanasambe n'komwe. Ndinanena mawu ake enieniwo. Anakhala pakhonde, anavula nsapato, anakutumula mchenga.

"Anandinyoza ndi pakamwa pawo, anthu akuona," anatero. "Pakamwa pomwepo palipo."

Ndinabwerera kwa agogo. Anafunsa kuti kuyambira liti bambo amadzuka kupita kwa mwana wake. Anati iwo ali pompano pansi pa nimu, sasuntha, wofuna kumva abwere. Kuchokera pamtengo wa nimu kufika pakhonde ndi pafupi moti munthu akatsokomola uku, uko amamva. Ndinayesanso kangapo. Amayi nawo anayesa. Aliyense mwa awiriwo ankati mnzake ndiye ayambe.

Chilimwe chimenecho bambo anaumbanso njerwa, anaziotcha, anazitutira pafupi ndi chipinda chosathacho. Amayi atafunsa, anati ndi za khola. Agogo anamva kulira kwa njerwazo zikutsitsidwa m'ngolo, n'kundinong'oneza kuti zapsa bwino, ndipo khola silimangidwa ndi njerwa zotere. Masiku amenewo anayamba kumeta ndevu kawirikawiri. Anatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kukhonde. Bambo anati apite kaye ku Nchalo akapeze simenti.

Bambo ali komweko, agogo anayamba chifuwa ndi kutentha thupi. Sanadwale nthawi yaitali. Tinaimba foni, bambo ananyamuka, koma anafika agogo atamangidwa kale nsagwada. Anaima pakhomo la chisakasa, chikwama chili paphewa, thumba la simenti lili pa kabaza kumbuyo kwawo.

Njerwa zija ndi simenti ija ndi zimene zamanga chiliza. Bambo anakana wowathandiza. Anagwiritsa ntchito chingwe cha agogo, ndipo ndinawaona akuchikoka n'kuchikokanso pa kakhoma kosafika ndi m'mawondo momwe. Atamaliza anaima pangodya, anatsinzina diso limodzi, anakhala choncho nthawi yaitali. Mkulu wa mpingo anawayamikira kuti chiliza chakongola. Bambo sanamuyang'ane.

Mpando wachikopa uja amayi analowetsa m'khitchini, ndipo pansi pa nimu patsala timaenje tinayi ta miyendo yake, timene ndimatilambalala ndikamasesa. Chisakasa chinagwa ndi mphepo. Chipinda chachitatu chidakali mmene chinalili, chopanda denga, felemu la zenera litayamba kudyedwa ndi chiswe. Mkati mwamera chisoso, ndipo zidutswa za njerwa zimene zinagwa tsiku lija zidakali pangodya. Munthu akaima kumsewu amaona bwinobwino pamene pathera mizere ya bambo ndi pamene payambira ya agogo, yolowa ndi kutuluka, yokhota yokhayo pa nyumba yonse.

Amayi apempha kangapo kuti chipindacho chimalizidwe, ndizigonamo ine ndi kuwerengeramo mayeso akuyandikira. Koma kuti khoma likwere, payenera kugwetsedwa kaye mizere ya agogoyo. Bambo amati adzaona dzinja likatha. Pakadali pano mukugona mbuzi ija ndi ana ake.